Mapolo a magetsi

Mapolo a magetsi ndi mizati yaitali yomwe imazikidwa pansi kuti inyamule nthambo zogawira magetsi kuchokera ku masiteshoni ang'onoang'ono kupita m'nyumba, m'masitolo, m'zigayo ndi m'mafakitale. Amasiyana ndi nsanja zikuluzikulu zachitsulo zomwe zimanyamula magetsi amphamvu kwambiri kuchokera komwe amapangidwa. Polo ili ndi ntchito ziwiri: kukweza nthambo m'mwamba momwe anthu, ziweto ndi magalimoto sangazikhudze, komanso kuzitalikitsa kuti zisagundane. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840 maonekedwe a polo sanasinthe kwenikweni, koma zopangira zake ndi zipangizo zomangidwa pamwamba pake zasintha kangapo. Pafupifupi kusintha kulikonse kunabwera pofuna kuthana ndi vuto lodziwika, monga kuola, chiswe, mphenzi, moto wolusa, kufa kwa mbalame, umbava, kapena kuchuluka kwa ndalama zofunika kuti magetsi afike kumidzi.

Mbali za polo

Mapolo ambiri a laini zogawira magetsi amatalika pakati pa mamita 8 ndi 14. Amisiri ambiri amazika pansi gawo limodzi mwa magawo 10 a kutalika kwa polo, kuwonjezerapo masentimita 60. Motero polo ya mamita 12 imalowa m'nthaka mamita 1.8. Pamalo a lowe kapena amchenga dzenje limakhala lakuya kuposa pamenepo.

Pamwamba pa polo pamakhala mtanda wopingasa, ndipo pamtandawo pamakhala mainsuleta, tizipangizo tomwe timagwira nthambo koma sitilola magetsi kudutsa kupita ku polo. Nthambo zamphamvu kwambiri zimakhala pamwamba penipeni, zopita m'nyumba m'munsi mwake, ndipo mawaya a lamya kapena a intaneti amakhala m'munsi mwa zonse. Pomwe laini ikukhota kapena kuthera, nthambo zimakokera polo mbali imodzi, choncho pamaikidwa waya wachitsulo wotchedwa sitei, womangirira kuchitsulo chokwiriridwa pansi. Mapolo ambiri amakhalanso ndi waya wotsika mpaka m'nthaka, womwe umapereka njira yoti magetsi osochera ndi mphenzi zilowere pansi.

Chiyambi pa mawaya a telegalafu

Mapolo anayamba kugwira ntchito magetsi asanafike m'nyumba za anthu. Mu 1843, William Fothergill Cooke anapachika mawaya a telegalafu pamizati m'mbali mwa njanji ya Great Western Railway mpaka ku Slough, ku England. Ku America, Samuel Morse poyamba anafuna kukwirira mawaya m'mapaipi amtovu pakati pa Washington ndi Baltimore, koma zokutira mawayawo zinalephera, ndipo ntchitoyo inamalizidwa pamapolo amitengo. Uthenga wotsegulira lainiyo unadutsa pa 24 Meyi 1844. Magetsi ounikira atayamba kufalikira m'zaka za m'ma 1880, makampani anangotengera mapolo, mitanda ndi mainsuleta a telegalafu.

M'mizinda ikuluikulu mapolo anachuluka mpaka misewu inadzaza mawaya a makampani osiyanasiyana. Mu Malichi 1888, chimphepo cha chipale chofewa chinagwetsa mapolo ndi mawaya ambiri ku New York, ndipo pambuyo pake akuluakulu a mzindawo anaumiriza makampani kuti akwirire mawaya pansi. Komabe kukwirira nthambo kumadya ndalama zochuluka kangapo kuposa kuzipachika, n'chifukwa chake kunja kwa mizinda ikuluikulu mapolo adakalipo.

M'maiko otentha vuto loyamba linali chiswe. Laini ya telegalafu yodutsa pakati pa Australia mpaka ku Darwin inamalizidwa mu 1872, koma pasanapite nthawi mapolo ake amitengo anayamba kusinthidwa ndi achitsulo otchedwa Oppenheimer. Nayo kampani ya African Transcontinental Telegraph, yomwe Cecil Rhodes anayambitsa, inagwiritsa ntchito mapolo achitsulo pamene inkadutsitsa waya ku Blantyre, Nkhotakota ndi Karonga m'zaka za m'ma 1890. Mapolowo ankanyamulidwa ndi amtengatenga.

Mapolo amitengo ndi mankhwala ake

Mitengo ndiyo ikugwiritsidwabe ntchito kwambiri m'maiko ambiri chifukwa ndi yotchipa, yopepuka, yosavuta kuboola ndi kukwera, komanso siidutsitsa magetsi mosavuta ikakhala youma. Ku Ulaya ndi ku North America amakonda paini ndi mitengo ina ya mtundu umenewo, pomwe kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa amadalira kwambiri bulugama. Malo ofooka a polo yamtengo ndi pomwe yalekezera nthaka. Pamenepo pamapezeka chinyezi ndi mpweya nthawi imodzi, zomwe tibowa toolesa mitengo timafuna, ndipo chiswe chimalowera pomwepo. Polo yopanda mankhwala ikhoza kuthyoka patangotha zaka zochepa, koma yothiridwa bwino imatha zaka 30 kapena kuposerapo.

Njira yolowetsa mankhwala mkati mwa mtengo inayambitsidwa ndi John Bethell wa ku England mu 1838. Mitengo youma imaikidwa m'thanki yotsekeka, mpweya umachotsedwamo, kenako mankhwala amakankhiridwa mkati mwamphamvu. Mankhwala akale kwambiri ndi creosote, mafuta akuda ochokera ku phula la malasha, omwe amapatsa polo fungo lake lodziwika nyengo yotentha. Mu 1933, Sonti Kamesam wa ku India anapanga mankhwala osungunuka m'madzi otchedwa CCA, osakaniza kopa, chromium ndi arsenic. Polo yothiridwa CCA imaoneka yobiriwira pang'ono. Mankhwala achitatu, pentachlorophenol, anafala kwambiri ku America, koma anaikidwa pamndandanda wa mankhwala oopsa a pangano la Stockholm mu 2015, ndipo mu 2022 boma la America linalamula kuti asiyidwe pang'onopang'ono m'zaka zisanu.

Mu bulugama mankhwala amalowa m'mbali yakunja yokha, osafika pamtima pa mtengo. Mtengowu umakondanso kung'aluka kumapeto ukamauma, choncho amaukhomera timalata ta mano kapena kuumanga ndi waya kunsonga. Ku South Africa muyezo wa mapolo a bulugama ndi SANS 754, ndipo wa paini ndi SANS 753. Polo yakale yothiridwa mankhwala siyenera kusandutsidwa nkhuni, chifukwa utsi ndi phulusa lake zimakhala ndi poizoni.

Konkire, chitsulo ndi ulusi wagalasi

Komwe mitengo yowongoka inkasowa, mainjiniya anafunafuna zina. Mu 1924, James Cyril Stobie wa kampani ya Adelaide Electric Supply anapanga polo ya zitsulo ziwiri zazitali zokhala ndi konkire pakati. Polo ya Stobie siidyedwa ndi chiswe ndipo siipsa, ndipo mpaka pano ndiyo imaoneka m'misewu ya South Australia. Anthu ena amaidandaula chifukwa galimoto ikaiwomba, polo siigonja.

Mapolo a konkire wozunguzidwa anayambira ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Konkire amathiridwa m'chikombole chozungulira mothamanga, ndipo amakanikizika m'mbali n'kusiya bowo pakati. Eugène Freyssinet wa ku France analembetsa mu 1928 njira yokoka mawaya achitsulo konkire asanaume, ndipo mapolo a magetsi anali m'gulu la zinthu zoyamba zomwe anapanga mwa njirayi. Mawaya okokedwawo amafinya konkire kuti asachite ming'alu. Masiku ano mapolo a konkire ndi ofala ku Japan ndi ku India. Saola ndipo moto wa tchire suwagwetsa msanga, koma ndi olemera kangapo kuposa amitengo, moti amafuna galimoto yonyamulira ndi msewu wabwino. Akachita mng'alu, madzi amalowa ndipo zitsulo zamkati zimachita dzimbiri.

Mapolo achitsulo amaviikidwa mu zinki wosungunuka kuti asachite dzimbiri msanga. Ndi opepuka poyerekeza ndi a konkire, koma amadutsitsa magetsi, choncho ayenera kulumikizidwa bwino ndi nthaka. Mtundu watsopano ndi wa ulusi wagalasi womatidwa ndi pulasitiki, womwe unayesedwa pachilumba cha Maui ku Hawaii m'zaka za m'ma 1960 pothawa kuola ndi dzimbiri la mphepo ya kunyanja. Mapolo amenewa amanyamulika ndi anthu ochepa ndipo sadutsitsa magetsi, koma ndi odula ndipo dzuwa limawononga khungu lawo ngati silinatetezedwe. Palibe mtundu womwe wagonjetsa inzake paliponse. Kampani iliyonse imasankha poona nyengo, misewu ndi ndalama zomwe ili nazo.

Mainsuleta

Mainsuleta oyamba agalasi ankangovekedwa pachikhomo chamtengo, ndipo mphepo inkawazula. Mu 1865, Louis Cauvet analembetsa ku America insuleta ya mazinga mkati, yomwe imamangidwa pachikhomo ngati chivundikiro cha botolo. Mphamvu ya magetsi itakwera, galasi wamba linalowedwa m'malo ndi porcelain, dothi lowotcha losalala ngati la makapu a tiyi. Mainsuleta anayamba kupangidwa ndi timaambulera tosanjikizana. Cholinga chake n'chakuti njira yomwe magetsi angatsate pamwamba pa insuleta italike, komanso kuti kunsi kwa timaambulerato kukhale kouma mvula ikamagwa.

Mu 1907, Harold Buck ndi Edward Hewlett a ku America anapanga mainsuleta ooneka ngati mbale, olumikizana ngati tcheni. Mphamvu ya laini ikakhala yaikulu, amangowonjezera mbale. Pa laini zogawira magetsi mbalezi zimaoneka pomwe nthambo zikuthera kapena kukhota. Mbale za galasi lolimbitsidwa zili ndi ubwino umodzi: zikawonongeka zimasweka zonse, moti woyendera laini amaziona ali pansi. Porcelain ikhoza kuchita mng'alu wosaoneka.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 kunafala mainsuleta a ndodo ya ulusi wagalasi yokutidwa ndi mphira wa silicone. Ndi opepuka, sasweka akagendedwa ndi mwala kapena legeni, ndipo madzi samwazika pamwamba pake koma amaundana timadontho. Izi zimathandiza m'madera a fumbi kapena a mchere. Vuto lake n'lakuti kuwonongeka kwa mkati sikuoneka msanga.

Mitanda ndi nthambo

Mitanda yoyamba inali yamatabwa. Fumbi likaunjikana painsuleta kenako n'kugwa mvula yowaza, magetsi ochepa amadontha kudutsa m'thabwa, ndipo pomwe pali bawuti pamatentha mpaka mutu wa polo kuyaka. Pofuna kupewa zimenezi, amisiri amalumikiza zitsulo zonse za pamwamba ndi waya umodzi, kapena amaika mtanda wachitsulo. Koma thabwa limathandiza insuleta kupirira mphenzi, pomwe mtanda wachitsulo suthandiza. Mitanda ya ulusi wagalasi inabwera pofuna kupeza ubwino wa zonse ziwiri. Laini zina zilibiretu mtanda, mainsuleta amamangidwa m'mbali mwa polo yeniyeniyo, zomwe zimachepetsa malo olambula.

Nthambo zoyamba zinali zakopa. Aluminiyamu analowa m'malo chifukwa ndi wopepuka ndiponso wotchipa, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunabwera nthambo ya aluminiyamu yokhala ndi waya wachitsulo pakati, yotchedwa ACSR. Chitsulocho chimanyamula kulemera, motero mapolo amatha kutalikirana ndipo amafunika ochepa pa kilomita iliyonse.

Pa laini zopita m'nyumba, kale pankakhala mawaya anayi osakutidwa. Kuyambira cha m'ma 1960, maiko monga France ndi Finland anafalitsa nthambo zokutidwa ndi pulasitiki zopotedwa pamodzi ngati chingwe, zodziwika ndi dzina lachidule lakuti ABC. Sizifuna mtanda kapena mainsuleta, zimangopachikidwa pangowe, nthambi ya mtengo ikazikhudza sizithetheka, ndipo kuberapo magetsi pokoleka waya n'kovuta.

Njira ina yochepetsera ndalama inachokera ku New Zealand, komwe Lloyd Mandeno cha m'ma 1925 anakonza laini ya waya umodzi yotchedwa SWER. Magetsi amapita pawaya umodziwo n'kubwerera kudzera m'nthaka. Polo imakhala ndi insuleta imodzi pansonga, popanda mtanda. Laini zotere, zomwe kawirikawiri zimakhala za mavolti 12,700 kapena 19,100, zinafikitsa magetsi m'mafamu otalikirana ku New Zealand ndi ku Australia, ndipo zinamangidwanso m'madera ena a kum'mwera kwa Africa. Sizinyamula magetsi ambiri, ndipo injini zikuluzikulu za mafezi atatu, monga za zigayo zambiri, siziyenda palaini yotere popanda chipangizo chowonjezera.

Thiransifoma ndi zoteteza laini

Thiransifoma imatsitsa mphamvu ya magetsi kufika pa mlingo wa m'nyumba. Ku North America amapachika mathiransifoma ang'onoang'ono ooneka ngati mgolo, iliyonse yodyetsa nyumba zochepa ndi mavolti 120 ndi 240. Ku Ulaya ndi m'maiko ambiri a mu Africa thiransifoma imakhala yokulirapo, nthawi zambiri pathandala la pakati pa mapolo awiri, ndipo imadyetsa dera lonse ndi mavolti 400 ndi 230. Mkati mwake muli mawaya okulungidwa ndi mafuta oziziritsa. Mafuta ena akale anali ndi mankhwala oopsa otchedwa PCB, omwe pangano la Stockholm la mu 2001 linalamula kuti achotsedwe.

Pamwamba pa thiransifoma pamakhala mafyuzi aatali ngati ndodo. Fyuzi ikapsa, ndodoyo imagwa n'kulendewera, motero amisiri amaona ali patali pomwe pali vuto. Pambali pake pamakhala zoteteza ku mphenzi. Zakale zinali ndi mpata woti mphenzi idumphe, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1970 zambiri zimapangidwa ndi zinc oxide, yomwe imatsekereza magetsi a nthawi zonse koma imatsegula njira yopita pansi mphamvu ikakwera mwadzidzidzi.

Mavuto ambiri a laini za m'mwamba ndi osakhalitsa, monga nthambi yomwe yakhudza waya n'kugwa. Chifukwa cha ichi kunapangidwa swichi yodzitsekera yokha yotchedwa recloser, yomwe imazimitsa laini kwa kanthawi n'kuyesanso kuyatsa kangapo. Ndiyo imachititsa kuti magetsi athime n'kuyakanso patangotha masekondi ochepa. Zikutanthauzanso kuti waya wogwa pansi, ngakhale ukuoneka wakufa, ukhoza kukhalanso ndi magetsi nthawi iliyonse.

Moto wolusa ndi mbalame

Pa 7 Febuluwale 2009, moto wolusa unapha anthu 173 m'chigawo cha Victoria ku Australia. Moto womwe unapha anthu ambiri tsikulo, wa ku Kilmore East, unayamba waya wa laini ya SWER utaduka. Bungwe lofufuza lomwe boma linakhazikitsa linalangiza kuti laini zoterezi zisinthidwe ndi nthambo zokutidwa kapena zokwiriridwa pansi, kuti laini ziziyenderedwa pafupipafupi, ndiponso kuti maswichi odzitsekera okha asamayeserenso kuyatsa kangapo masiku oopsa. Nako ku California, pambuyo pa moto wa mu 2017 ndi 2018, makampani anayamba kusintha mawaya osakutidwa ndi okutidwa, komanso kuika mapolo osapsa kapena kukulunga amitengo ndi zotchinga moto.

Mbalame zikuluzikulu monga ziwombankhanga ndi miimba zimakonda kutera pamtanda. Ikatambasula mapiko n'kukhudza mawaya awiri, kapena waya ndi chitsulo cholumikizidwa ndi nthaka, mbalameyo imafa ndipo laini imazima. Ku America malangizo oyamba oteteza mbalamezi anatuluka mu 1975, ndipo amalimbikitsa kuti mawaya atalikirane pafupifupi masentimita 150. Ku South Africa kampani ya Eskom ndi bungwe la Endangered Wildlife Trust akhala akugwirira ntchito limodzi kuyambira mu 1996. Njira zomwe zimatsatidwa ndi kuvindikira mainsuleta, kulendewetsa nthambo kunsi kwa mtanda m'malo mozikhazika pamwamba, ndi kupachika zizindikiro pamawaya kuti mbalame zouluka ziziwaona.

Ku Malawi

Ku Malawi laini zogawira magetsi zili m'manja mwa ESCOM, yomwe inasiya ntchito yopanga magetsi m'manja mwa EGENCO mu 2017. Lainizi ndi za mavolti 33,000 ndi 11,000, ndipo mathiransifoma amatsitsa mphamvuyo kufika pa 400 ndi 230. Zambiri zili pamapolo a bulugama othiridwa mankhwala. Ndondomeko yofikitsa magetsi kumidzi ya MAREP inayamba mu 1980, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kumanga laini zopita m'malo ochitira malonda. Popeza mitunda ndi yaitali ndipo makasitomala ndi otalikirana, ndalama zogulira mapolo, nthambo ndi mathiransifoma ndizo zimalamula kutalika komwe laini ingafike.

Mavuto omwe mapolo amakumana nawo m'dzikoli ndi chiswe, kuola nyengo yadzinja, moto wa tchire m'chilimwe, mitengo yogwera palaini, ndiponso madzi osefukira ngati a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Palinso umbava wa mafuta ndi kopa wa m'mathiransifoma, mawaya opita m'nthaka ndi masitei. Sitei ikachotsedwa, polo ya pangodya imapendekeka ndipo nthambo zimatsika. Waya wopita m'nthaka ukabedwa, zipangizo za m'nyumba zikhoza kupsa ndipo anthu akhoza kugwidwa ndi magetsi.

Kuyendera ndi kukonza

Polo yamtengo nthawi zambiri imaolera mkati kapena pansi pa nthaka, kunja kukuoneka bwino. Oyendera laini amaimenya ndi hamala n'kumvetsera ngati ikulira ngati ng'oma, amakumba mozungulira tsinde, ndipo amaboola pang'ono kuti aone makulidwe a mtengo wolimba womwe watsala. Mapolo ambiri amakhomedwa kachitsulo kosonyeza chaka, mtundu wa mtengo ndi mankhwala omwe anathiridwa. Polo yomwe yangoyamba kuola imathiridwanso mankhwala patsinde kapena kulimbitsidwa ndi chitsulo chokhomera pansi, ndipo yoola kwambiri imazulidwa. Makampani ena tsopano amagwiritsa ntchito makamera oona kutentha ndi ndege zing'onozing'ono zopanda woyendetsa pofufuza mabawuti omasuka, mainsuleta osweka ndi malumikizidwe otentha. M'maiko ambiri laini imodzi imakhala ndi zipangizo za mibadwo yosiyana, monga polo ya creosote ya zaka 40 yonyamula mainsuleta a mphira ndi waya wa intaneti, chifukwa zinthu zimasinthidwa chimodzichimodzi zikatha ntchito.